Munaphunzira unamwino pa foni nthawi ya mliri? Umu ndi mmene manja angasiyire kunjenjemera pa wodi

Sukulu zonse m'Malawi muno zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, odwala Covid-19 asanapezeke nkomwe, paja atatu oyamba aja anadzawalengeza pa 2 Epulo. Ana a unamwino nawo analongedza zikwama kubwerera kumudzi, wina ku Santhe, wina ku Chamama, wina kwa Wimbe, kumangoti mwina pakatha masabata awiri atiitana. Masabata anasanduka miyezi. Makoleji nde anayamba kuyesa zomwe akanatha, manotsi pa WhatsApp, kalasi pa Zoom, ena Moodle, ndipo sukulu zitayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Sepitembala ndi Okutobala sipanapite nthawi, Januwale 2021 mliri unabweranso mwaukali, muja tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, nkutsekanso kwa masabata angapo. Musati zinathera pomwepo, mu Januwale 2023 kolera anachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ndiye zophunzirira pa foni zitha kubweranso tsiku lina lililonse, ndipo ena mwa inu azing'ono anga mpaka lero mukadali kudzikayikira chifukwa cha nyengo ija.

Ine ndine namwino kuno ku Kasungu, ndimalandira ana a sukulu akabwera ku alokeshoni, nthawi yophunzira ntchito pa wodi ija, gulu lomwe linadutsa m'nyengo imeneyo ndinalionera pafupi. Mutu uli bho. Umufunse mwana zizindikiro za pre-eclampsia, matenda a BP yokwera kwa mayi woyembekezera, akuyalira zonse mpaka iwe wamkulu kuchita manyazi, koma umupatse makina a BP opopa pamanja aja uti kawayeze amayi awo, thukuta kamukamu, sitetesikopu waivala chotembenuza, kenako akubwera nkumati "a Sista sizikumveka". Si umbuli umenewo ndipo si ulesi. Katswiri wina wa za maganizo a munthu, Albert Bandura, anafotokoza mu 1977 kuti munthu amadzikhulupirira pa ntchito inayake chifukwa cha zinthu zinayi, chachikulu kuposa zonse nchoti anaichitapo yekha nkutheka, kenako kuona mnzake wofanana naye akuichita, kenako mawu olimbikitsa a munthu amene amamudalira, chomaliza ndi mmene thupi likumvera pa nthawiyo, kaya mtima uli phaphapha kaya uli m'malo. Nde taonani zomwe foni inachita. Wodwala woti umugwire kunalibe. Mnzako womuonera kunalibe, unkaonera nesi wa ku London pa vidiyo ali ndi zipangizo zomwe kuno sitinazionepo. Mphunzitsi woti akuuze kuti wakhoza, iyeyo ankangoona dzina lako pa sikirini kamera ili chithimire kuopa bandulo. Chomwe chinachuluka ndi mantha basi. Kuno ku Kasungu palibe amene sadziwa kuti kusankha fodya sungakuphunzire pa wailesi, zala ndi zomwe zimalidziwa tsamba ukaligwiragwira m'chigafa, unamwino ulinso chimodzimodzi. Choncho musamadikire kuti mulimbe mtima kaye kenako muziyamba kugwira odwala. Mumayamba kugwira mantha omwewo muli nawo, wina akukuyang'anirani, kulimba mtimako kumachita kutsatira pambuyo.

Poyambira ndi pa pepala, ndipo apa pakufunika chilungamo poti palibe akukuonani. Tsegulani logibuku yanu, buku losainitsa zomwe mwachita pa wodi lija, lembani maprosija onse pa pepala lina muwagawe patatu: zomwe munachitapo ndi manja anu pa munthu weniweni, zomwe munangoona wina akuchita, ndi zomwe munangowerenga kapena kuonera pa foni. Chidole cha ku skills lab, chipinda choyeserera ku koleji chija, musachiwerengere ngati munthu. Gawo lachitatulo likhala lalitali, zisakudandaulitseni. Phindu lake nloti mumasiya zonena kuti "ine palibe chomwe ndimatha", mumayamba kunena kuti "ine kanyula (kachubu kolowetsa mu mtsempha) ndi katheta (kachubu kotulutsira mkodzo) ndi zomwe sindinaikepo", ndipo vuto lotchulika dzina chonchi limakhala ndi pogwira.

Ngati muli pakhomo sukulu ili chitsekere

Anthu a pakhomo panu ndiwo kalasi yanu. Chofunika ndi wotchi yowerenga masekondi, olo ya pa foni, themomita, ndipo ngati mungasonkherane awiri atatu oyandikana mugule makina a BP opopa pamanja ndi sitetesikopu, osati a mabatire aja, chifukwa a mabatire ngakhale mwana wa Sitandade 5 atha kudina. M'mawa uliwonse yezani aliyense amene wavomera, agogo, amalume, mlamu wanu, mwana wa aneba. Kugunda kwa mtima kwa munthu wamkulu amene wapuma bwino kumakhala pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, kupuma 12 mpaka 20, kutentha kwa thupi cha m'ma 36.5 mpaka 37.5. Manambalawa mukuwadziwa kale, chomwe simukudziwa ndi mmene mtsempha wa agogo a zaka 80 umamvekera pansi pa zala poyerekeza ndi wa mnyamata wa kabaza amene wangotsika njinga, ndi mmene kugogoda koyamba kuja kumalowera m'khutu mpweya ukamaphwa. Kupuma muziwerenga mphindi yathunthu, zala zikadali pa mkono kuti mwini wake asadziwe, akadziwa amasintha kapumidwe. Zonse muzilemba pa tchati chojambula nokha ngati mmene tilembera pa wodi, nthawi, deti ndi siginecha yanu. Mukapeza wina BP yake ikumafika 140/90 kapena kuposa mwabwerezabwereza masiku osiyana, muuzeni atenge buku lake apite kuchipatala, ntchito yanu yathera pomwepo.

Ndanena dala kuti yathera pomwepo. Kumudzi akangoona sitetesikopu m'khosi basi mwasanduka adokotala, ayamba kubwera ndi mabotolo a jakisoni ogula kaya kuti nkumati tabayeniko mwana wathu. Kanani, olo akhale apongozi. Simunalembetsedwe ku Nurses and Midwives Council of Malawi, palibe akukuyang'anirani, ndipo munthu akakomoka ndi penisilini pakhonde panu mulibe chomudzutsira. Zobayana kanyula pachibale kuti muphunzire nazonso ayi. Zomwe mungachite popanda kuvulaza munthu ndi zambiri kale: kusamba m'manja ndi sopo masekondi 40 mpaka 60 osadumpha zala zazikulu ndi kunsonga, kuvala magolovesi osakhudza kunja kwake, kukoka madzi mu sirinji yopanda singano mpaka pa 1.5 ml ndendende popanda thovu, kumanga bandeji, kutembenuza munthu wogona osamukoka mkono, kuyala bedi munthu ali pomwepo. Zimaoneka zazing'ono eti, koma mwana amene manja ake anazolowera zimenezi amaoneka tsiku loyamba lomwe.

Chinthu chimodzi chomwe kuphunzira patali sikungakulepheretseni ndi masamu, nde apa musakhale ndi chowiringula. Dilipu ya 1000 ml yoti ithe m'maola 8, seti yake ya madontho 20 pa ml: 1000 kuchulukitsa ndi 20 ndi 20,000, maola 8 ndi mphindi 480, mukagawa mupeza madontho 42 pa mphindi, kutanthauza 10 kapena 11 pa masekondi 15. Nambala ya madonthoyo muziiwerenga pa paketi ya seti, si zonse zili 20. Gentamicin wa 80 mg mu 2 ml, alemba 60 mg, mukoka 1.5 ml. Artesunate wa malungo aakulu ndi 2.4 mg pa kilo, koma mwana wosakwana makilo 20 ndi 3 mg pa kilo, ndiye wa makilo 12 ndi 36 mg, kasungunulidwe kake tsatirani tchati cha pa wodi. Muzipatsana mafunso otere pa gulu tsiku ndi tsiku mpaka muziwerengera muli chiimire phokoso lili mbwee, chifukwa pa wodi simudzapeza desiki ndi bata.

Za foniyo ndinene mwachidule. Netiweki ya TNM kapena Airtel ikamavuta kwanuko musalimbane ndi kalasi ya Zoom yodukaduka, pemphani aphunzitsi azijambula mawu nkutumiza, inu mudzikatsitsa pomwe pali netiweki mukapita kotchajitsa. Gulu lowerengera lisapose anthu asanu, likakula limasanduka la mamemu ndi maliro. Mavidiyo sankhani ojambulidwa m'zipatala zofanana ndi zathu, a Global Health Media ali bwino pa za azamba ndi ana akhanda ndipo ndi aulere. Koma kaoneredwe kake ndi komwe kali ndi nkhani. Pali njira ya masitepe anayi yomwe madokotala a opaleshoni amaphunzitsirana, imatchedwa ya Peyton: onerani yonse osaimitsa, bwerezani mukuimitsa pa sitepe iliyonse, kachitatu tsekani mawu muzifotokoza ndinu zomwe zikuchitika, kachinayi ikani foni pansi muchite ndi manja mukuyankhula mokweza. Ambiri amathera pa sitepe yoyamba, kuonera ka 10 atagona pa mphasa nkumadzinamiza kuti aidziwa. Mukafika pa yachinayi mng'ono wanu akujambuleni, mudzionere nokha, kenako mutumizire mnzanu kapena mphunzitsi akuuzeni pomwe mwadumpha.

Pakamwa

Apa mpomwe ndikufuna tikhalitsepo chifukwa ambiri saganizapo. Miyezi yonse ija munkaphunzira mu Chingerezi, maikolofoni ili yotseka, osayankhula ndi munthu. Ndiye mwafika pa bedi, agogo akuyang'anani m'maso, gadiyani waima pambali manja m'chiuno, mawu akusowa. Mwana wina amangofika nkugwira mkono wa wodwala osapereka ndi moni womwe, osati mwano ayi, koma mantha, ndipo wodwala akaona choncho amaumitsa thupi, mtsempha nkuthawa, zonse nkuvuta. Konzekeranitu mawu anu m'Chichewa ndipo muwayeseze mokweza mpaka azituluka okha: "Mwaswera bwanji amayi? Ine ndine wophunzira unamwino, ndili ndi a Sista awa. Ndimafuna ndikuyezeni kuthamanga kwa magazi, lambayu akufinyani pang'ono pa mkono koma sachedwa. Mwandilola?" Kunena kuti ndinu wophunzira musachite nako manyazi, odwala ambiri savuta ukawauza zoona, amene amakwiya ndi amene wazindukira yekha pakatikati.

Yesezani kufotokozera amayi anu kamwedwe ka LA popanda liwu la Chingerezi ngakhale limodzi: kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ulendo wachiwiri pakatha maola 8 kuchokera pa woyamba, amwe atadya, amalize onse olo apeze bwino mawa lake. Kenako muwauze abwereze zomwe amva. Mudzadabwa kuti zomwe mumati mwafotokoza bwino zafika zina. Chitaninso chimodzimodzi ndi kasungunulidwe ka Thanzi ORS, zizindikiro zoopsa kwa mayi woyembekezera, chifukwa chake mwana wobadwa masiku asanakwane amamuika pachifuwa. Komanso musaiwale kuti boma lathu lino la Kasungu si la Chichewa chokha, mukatumizidwa cha kumpoto uku, ku Nkhamenya kapena ku Kaluluma, mukumana ndi agogo oyankhula Chitumbuka, ndipo m'maesiteti muli anthu ochokera mbali zonse za dziko. "Monire" ndi "muli uli" yekhayo amamasula nkhope ya munthu, zotsalazo pemphani gadiyani kapena wantchito mnzanu akuthandizeni.

Tsiku lofika pa wodi

Kaya ndi pa chipatala cha boma pa Kasungu, kaya ku Mtunthama, kaya pa helefi senta ya kumudzi, tsiku loyamba pitani kwa a incharge ndi pepala lanu lija. Osadikira kuti akutulukireni. Auzeni mwaulemu: "A Sista, ife gawo lalikulu tinaphunzirira pa foni, kanyula ndinangoonera pa vidiyo. Ndimapempha mukamaika mundiitane ndione, kenako ndidzayese inu muli pompo." Nesi wanzeru akamva zimenezi mtima umakhala pansi chifukwa wadziwa poyambira, amene timamuopa ife ndi uja amangoti "eya ndimatha" pa chilichonse. Paja safunsa anadya phula, koma pa wodi phulalo amadya ndi wodwala.

Musathamangire zonse nthawi imodzi. Sankhani luso limodzi pa sabata mulikakamire. Sabata ya kanyula ndi ya kanyula, aliyense pa shifiti adziwe kuti kukapezeka wofunika kanyula aitane inu. Yambani ndi akuluakulu a mitsempha yooneka, osati mwana wotsegula m'mimba amene mitsempha yake yaphwa, ameneyo ngwa akatswiri. Konzani zonse mu thireyi musanafike pa bedi, pulasitala mutadulatu, mangani lamba, fufuzani mtsempha ndi chala osati ndi maso okha, khalani pansi ngati pali mpando. Mukalephera kawiri siyani, pepesani, itanani wamkulu ndipo musachokepo, imani pompo muone chomwe iye achite mosiyana ndi inu. Kulephera kanyula si nkhani, ngakhale amene agwira ntchito zaka 20 amaphonya, choipa ndi kumubaya munthu kasanu chifukwa choopa kukaitana.

Nthawi yabwino yophunzira ndi naiti ndi wikendi. Masana pakati pa sabata ana a sukulu amakhala ali unyinji, makoleji angapo wodi imodzi, wodwala mmodzi anthu eyiti kumuzungulira, amanyazi amathera kumbuyo kunyamula mafailo alokeshoni yonse. Usiku mumatsala inu ndi nesi mmodzi kapena awiri, ntchito ili tho, afune asafune akupatsani chochita. Ma helefi senta nawonso musawaderere, kumeneko mumagwira zambiri kuposa pa chipatala chachikulu. Ndipo musanyoze amayi ndi abambo othandizira pa wodi aja, ena akhalapo zaka zambiri kuposa a Matroni, amadziwa pomwe pali chilichonse, kasungunulidwe ka klorini, kanyamulidwe ka wodwala wolemera, ndi gadiyani uti amene akufunika kumulankhula mosamala. Apatseni ulemu wawo adzakuphunzitsani zomwe sizili mu manotsi.

Ku ana, gwiritsitsani ETAT. Njira imeneyi yosankhira ana odwalitsitsa pa mzere inakulira konkuno, pa Queen Elizabeth ku Blantyre, WHO nkuifalitsa m'maiko ena, nde si zachilendo zoti tizichita nazo mantha. M'mawa yendani pa mzere ndi nesi muziyang'ana mwana aliyense: akupuma bwanji, manja akuzizira, ali maso kapena wangoti lephethe, akukomoka, maso alowa. Werengani kupuma, mwana wosakwana miyezi iwiri 60 kapena kuposa ndi kothamanga, wa miyezi 2 mpaka 11 ndi 50, wa chaka chimodzi mpaka zisanu ndi 40. Tepi ya MUAC, yoyezera kukula kwa mkono wa mwana, ikagwa pansi pa 11.5 cm ndi pofiira, mwanayo wanyentchera kwambiri. Musananene kwa nesi ganizani kaye nokha kuti uyu ndikanamuika gulu liti, kenako mufananize ndi zomwe iye wanena. Mukaona kuti mwayamba kumagwirizana naye kawirikawiri, kudzikayikira kuja kumayamba kuchepa kokha popanda wokuuzani.

Leba wodi ndi komwe ana a pa foni amaopa kwambiri, ndipo mpake, kumeneko kuli fungo, magazi, kukuwa, zinthu zomwe vidiyo siionetsa. Musayambe ndi kufuna kuchilitsa. Yambani ndi kukhala ndi mayi mmodzi kuyambira pomwe wafika mpaka atachira, mukumusisita msana, mukudzaza mokhulupirika patogirafu yake, tchati chotsatira mmene leba ikuyendera. Mtima wa mwana mverani mphindi 30 zilizonse ndi fitosikopu, ndipo poyamba simudzamva kanthu koma phokoso la m'mimba ndi la m'khutu mwanu, pitirizani, papasani kaye mupeze msana wa mwana, kanikizani khutu bwinobwino, chotsani dzanja pa fitosikopu, zala zina zili pa mkono wa mayi kuti musasokoneze mtima wake ndi wa mwana. Tsiku lomwe mudzaumve bwinobwino simudzausowanso. Zopweteka za leba ziwerengeni dzanja lili pamimba kwa mphindi 10, osati kungomufunsa mayi. Kuyeza njira ndi maola anayi aliwonse ndipo muziyeza pambuyo pa mzamba nkumuuza zomwe mwapeza iye asanakuuzeni zake. Oxytocin wa 10 IU, jakisoni woteteza mayi kutaya magazi, akhale atakokedwa kale mwana asanabadwe chifukwa mayi amabayidwa mkati mwa mphindi imodzi mwana atabadwa, mutatsimikiza kuti mulibe mwana wina m'mimba. Ambu bagi, yopopera mpweya pothandiza mwana kupuma, muziiyesa poyamba pa shifiti, paja mwana amene sanalire amafunika akhale atayamba kuthandizidwa kupuma mphindi yoyamba isanathe, si nthawi yofunsa kuti masiki ang'ono ali kuti.

Ndiye pali yesero la logibuku. Nthawi yatha, mipata yosasainidwa ili mbwee, anzanu akuti tiye tikapeze nesi wofatsa atisainire zonse. Ndikudziwa kuti kubwereza alokeshoni kumawawa, ndalama za lendi ndi chakudya makolo anachita kugulitsa soya. Koma siginecha ya bodza imakutsatirani. Pakatha chaka mudzapezeka muli nokha usiku pa helefi senta, mayi akutaya magazi, ambulansi ili kutali msewu wake wa matope, pepala likuti munachitapo koma manja akukana. Bola kukauza aphunzitsi kuti masiku anandichepera ndikupempha owonjezera, kapena kupempha chilolezo kudzera ku koleji kuti muzikathandiza pa chipatala chapafupi nthawi ya holide. Kudzera ku koleji ndatero, osati kungovala yunifolomu nkukalowa.

Kupereka ripoti nakonso kumanjenjemeretsa, makamaka kuimbira adokotala usiku. Gwiritsani SBAR, ndi zinthu zinayi zokha: vuto lomwe lilipo pano, mbiri mwachidule, zomwe mwapeza, ndi chomwe mukupempha. Lembani pa kapepala musanaimbe. "Pepani adokotala, ndine wophunzira ku wodi ya amayi, a Sista andituma. Amayi a pa bedi 6 ayamba kubanika. Anagonekedwa dzulo ndi chibayo, ali pa ceftriaxone. Panopa akupuma ka 32, okosijeni ili pa 86, BP 100/60, tawakhazika tsonga ndipo tawaika pa konsentireta. Timapempha mubwere mudzawaone." Basi. Palibe angakukalipireni pa ripoti lotere, ndipo wina akakalipa ndi vuto lake.

Kukalipiridwa kudzakhalapo ndithu, sindikunamizani. Alipo anzathu ena amene amaiwala kuti nawonso anali ana a sukulu, ena ndi kutopa chabe, wodi yonse nesi mmodzi. Mawu oti "inu a Zoom simudziwa kanthu" muwamva. Tolanipo chomwe chili choona, ngati munaiwala kulemba nthawi pa dilipu ndiye munaiwaladi, zotsalazo zisiyeni pakhomo la wodi. Koma zikafika pa kutukwanidwa pamaso pa odwala tsiku ndi tsiku kauzeni aphunzitsi amene amakuyenderani. Ndipo mukalakwitsa, mankhwala olakwika, mlingo wolakwika, nenani nthawi yomweyo wodwala athandizidwe, musadikire handova. Mukadzibaya ndi singano yogwiritsa kale ntchito sambani ndi sopo pa madzi oyenda, nenani pompo, PEP, mankhwala oteteza ku HIV, amayambidwa msanga maola 72 asanathe ndipo amamwedwa masiku 28. Ana ambiri amabisa zimenezi kuopa kuoneka opusa, chonde inu musatero.

Manja akayamba kunjenjemera musanabaye, imani kaye, pondani pansi mapazi onse, pumani mozama katatu mukutulutsa mpweya pang'onopang'ono, nenani masitepe chamumtima. Idyani musanalowe shifiti, ambiri amene amagwa ku fiyeta, kochitira opaleshoni kuja, ndi njala osati magazi. Koma ngati mantha afika poti simukugona, mukulira m'mawa uliwonse wopita ku wodi, kapena mukumangoona nkhope ya wachibale amene anapita ndi Covid mukaona silinda ya okosijeni, zimenezo si zopirira, kambani ndi mphunzitsi amene mumamasuka naye kapena nesi wa za maganizo pa chipatala pomwe mulipo.

Palinso gulu lina lomwe foni inalipanga, lodzikhulupirira mopitirira. Awa anakhoza ma kwizi onse, mavidiyo anaonera onse, amafika pa wodi akudziwa gaidilaini yatsopano kuposa ife, ndipo pena amakhala akulondola ndithu. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, dziyeseni chonchi: itanani mnzanu agwire tchekilisiti ya OSCE, mayeso ochita ndi manja aja, ndi wotchi, inu muchite prosija yonse kuyambira moni mpaka kulemba mu failo, iye asakuthandizeni olo liwu limodzi. Zomwe zidzatuluke pamenepo ndiye mlingo wanu weniweni. Njira yomweyi ndi yabwinonso pokonzekera mayeso a ku koleji ndi a khonsolo ya anamwino, muzisinthana, lero ndinu nesi, mawa wodwala, mkuja woyesa, ndipo amene akuchita wodwala asamafewetse, azifunsa mafunso ovuta ngati mmene achitira agogo enieni, "nanga jakisoni ameneyu ngwachani poti dzulo anandibaya kale?"

Kwa anamwino anzanga amene timalandira anawa, pang'ono pokha. Mwana akamachedwa kupeza mtsempha musamulande kanyula m'manja pokhapokha wodwala ali pa ngozi, imani pambali pake manja kumbuyo, muuzeni chapansipansi kuti tsitsa pang'ono, lowetsa tsopano. Zomudzudzula kanenereni ku duty room osati pa bedi. Ndipo mukamuyamikira musangoti wachita bwino, tchulani chenichenicho, kuti unawafotokozera bwino amayi aja usanawagwire, kapena unakumbuka kumasula lamba usanatsegule dilipu, kenako wodwala wotsatira wofunika kanyula pa shifiti yomweyo muitaneninso yemweyo.